Kadzalidwe ka Kapinga ku Marange

Palibe mtundu umene ungatiphunzitse ife Amalawi za kapinga. Agogo athu, matchona aja, ndiwo ankameta udzu m'mayadi a azungu ku Salisbury ndi ku Umtali, mzinda umene lero ukutchedwa Mutare. Bwana ankangoloza ndi ndodo, wogwira khasu ndi kheni anali Phiri kapena Banda. Ndiye m'bale wathu wa ku Marange akafunsa kuti atani kuti pakhomo pake pabiriwire ngati kumayadi, sitingamumane nzeru za makolo.

Poyamba, achimwene, iwalani zimene munaona ku Vumba. Kumapiri kuja nkhungu imathirira yokha maluwa. Iwalaninso munda wa La Rochelle ku Penhalonga, umene Stephen Courtauld ndi mkazi wake Virginia anaukonza m'zaka za m'ma 1950. Inde, nonse muli m'chigawo chimodzi cha Manicaland, koma inu muli kumunsi, kotentha, kwa milambe ndi mitengo yaminga, kumene mvula ikafika mamilimita 650 pachaka anthu amati Mulungu wakumbuka. Kapinga wa kikuyu amene mukumufunayo kwawo ndi kumapiri ozizira a ku Kenya, ndipo ludzu lake ndi la munthu wodzuka ndi matsire.

Komabe musafooke. Nkhani yaikulu ndi kakumbidwe.

Mlangizi aliyense wa zamaluwa adzakuuzani kuti tipulani nthaka mozama, tolani miyala yonse, iunjikeni pambali. Ameneyo sanafikeko ku Chiadzwa, m'dera lanu la Marange. M'chaka cha 2006 kunamveka kuti m'minda ya kumeneko muli dayamondi wosalira makina, wongofuna khasu, chitsulo ndi thumba, ndipo anthu zikwizikwi anakhamukirako. Kumapeto kwa 2008 boma linatumiza asilikali ndi mahelikopita pa ntchito imene anaitcha Operation Hakudzokwi. Bungwe la Human Rights Watch linalemba mu 2009 kuti anthu oposa 200 anaphedwa. Pamenepa palibe choseketsa, ndipo ndikukukumbutsani kuti mudziwe mtundu wa nthaka imene mukufuna kuikongoletsa.

Choncho khasu likagunda mwala, upepeseni, ukwirireni, mukakhale pamthunzi. Musati poti sukunyezimira ndiye kuti ndi mwala wamba. Dayamondi wambiri wa ku Marange ndi wothimbirira, wooneka ngati nsangalabwi iliyonse, kotero mwala uliwonse pakhomo panu ndi mlandu umene sunazengedwe. Kumayadi amandandalika miyala m'mbali mwa kanjira n'kuipaka laimu. Inu musayerekeze. Munthu wokankha wilibala yodzaza miyala ku Marange safunsidwa za mtundu wa maluwa amene akufuna kudzala.

Mwamwayi, pali kukumba kumene boma limakukondwerera. Kuyambira 2020 lakhala likulimbikitsa ulimi wa Pfumvudza, m'bale wake wa mtayakhasu wathu uja: kamunda ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, mayenje 1,456, lililonse lakuya masentimita 15, kenako n'kuphimbira ndi mapesi kapena udzu. Tsatirani muyeso umenewu ngakhale podzala duwa limodzi. Yendani ndi rula m'thumba. Pa masentimita 15 ndinu mlimi wachitsanzo, mlangizi akhoza kukujambulani. Mukapitirira, dzina lanu lisintha, ndipo okujambulani adzakhala ena. Zophimbira mudzalimbirana ndi ng'ombe ndi chiswe, koma zimenezo ndi zapachiweniweni.

Tsopano madzi. Lawirirani ku mjigo, imani pamzere limodzi ndi amayi amene akufuna madzi ophikira ndi osambitsa ana, ndipo nthawi yanu ikakwana lengezani momveka bwino kuti zigubu zanuzo ndi za udzu. Onjezani kuti udzuwo sudyedwa, sufolera nyumba, ndipo ukakula mudzaumeta n'kuutaya. Mudzatchuka tsiku lomwelo. Mjigo ukaphwa, monga zinkachitikira m'madera ambiri pa chilala cha 2024 pamene a Emmerson Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pangozi, tsikirani ku mtsinje wa Odzi. Mu 2012 akatswiri a University of Zimbabwe, atapemphedwa ndi bungwe la Zimbabwe Environmental Law Association, anapeza kuti madzi a mu Odzi ndi Save anali ataipitsidwa ndi zotuluka m'migodi. Eni ng'ombe anadandaula. Kapinga sadandaula, ndipo ubwino wake ndi umenewo.

Za kadziwe kokongoletsa musataye nazo ndalama. Mayenje amene okumba anasiya osakwirira amadzaza okha dzinja likafika, udzudzu ndi wabasela.

Apongozi anu adzabwera ndi maganizo achikale. Adzati bwalo labwino ndi loyera mbee, losesedwa m'mamawa ndi tsache, chifukwa pamenepo mkukuluzi wa njoka umaoneka, moto wolusa sufika pakhoma, mapira ndi mfutso zimayanikika, ndipo silimwa ngakhale kapu imodzi ya madzi. Adzati madzi otsukira mbale apite ku phando la nkhwani, ku bonongwe ndi ku chammwamba cha kuseri kwa bafa. Zonsezi n'zoona, koma sizikongola pa Facebook. Ayankheni mwaulemu kuti mwamva, kenako pitirizani.

Langizo limene akatswiri a kunja sangakupatseni ndi ili: dzalani zonyamulika. Zitini, matayala akale, matumba a simenti, mabeseni obooka. Kuyambira cha m'ma 2010 mabanja oposa 1,000 a ku Chiadzwa anasamutsidwa kupita ku famu ya boma ya ARDA Transau, kufupi ndi Odzi, kuti makampani ngati Mbada Diamonds ndi Anjin akumbe bwino. Analandira nyumba zanjerwa, madola 1,000 opepesera, ndi lonjezo la ulimi wothirira limene akhala akulifunsa zaka zonsezi. Ngakhale manda anafukulidwa. Ngati akufa anasamutsidwa, mango anu a zaka zitatu ndi ndani? Mlambe sukwera lole. Duwa la m'chitini mumangolipachika pa hendulo ya njinga.

Mpanda ndi wofunika chifukwa cha mbuzi. Nkhadze kapena khonje zimathandiza, ngakhale mpanda wapamwamba m'dera lonselo ndi wa mgodi, wa waya, alonda ndi agalu. Kauoneni muli patali. Mbuzi zikakugonjetsani, musazione ngati adani: zimameta mosalala, sizifuna petulo, ndipo manyowa zimasiya pomwepo. Vuto lake n'lakuti siziuzidwa polekezera.

Mukaona kuti thumba laperewera kugula paipi ndi makina ometera, kumbukirani kuti mumakhala pamwamba pa chuma. Mu 2016 a Robert Mugabe eni ake ananena pa wailesi yakanema kuti miyala ya ku Marange iyenera kuti inabweretsa madola oposa 15 biliyoni, koma boma silinalandire zoposa 2 biliyoni. Chaka chomwecho makampani aja anauzidwa kuti aleke, ntchito n'kupita ku kampani ya boma ya Zimbabwe Consolidated Diamond Company. Zotsalazo zikadzapezeka, gawo lanu lidzakwana makina ometera okhala ndi mpando. Pakadali pano nolani chikwakwa.

Kapinga akagwira, itanani abale a ku Sakubva ndi ku Dangamvura adzasirire. Ngati khomo lanu lili mkati mwa dera lotetezedwa la Chiadzwa, auzeni msanga kuti akatenge kalata yachilolezo kupolisi, chifukwa pa zipata za pamsewu amafunsa chitupa ndi chifukwa cha ulendo. Chifukwacho anene kuti ndi matenda kapena chinkhoswe. Akanena kuti akudzaona zimene m'bale wawo wakumba kuseri kwa nyumba, mudzawaphikire nsima yokapereka kuchitokosi.