Galimoto ya amalume yabanika

Pa Kabwazi galimoto sidwala mwachinsinsi. Mukangotsegula boneti mwaitana msonkhano. Anthu oti njinga zawo zatha miyezi itatu zili chagada kuseri kwa nkhokwe amafika manja ali kumbuyo, n'kusuzumira mu injini ngati anabadwira momwemo.

Amalume anga ali ndi Peugeot 404, kapikiapu. Ku France anayamba kupanga mtundu umenewu mu 1960, koma iwo amati yawo ndi ya 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Amawonjezera kuti pa ziwirizi, imene yagwa kwambiri si galimoto. Yanyamula kachewere, nyemba, akwati ndi maliro, nthawi zina zonsezi sabata imodzi. Tsono tsiku lina la msika inayamba kulavula oyilo pa kachitsulo koyezera kaja, pansi pake n'kuchita chithaphwi chakuda bii.

Makaniko wathu wa pansi pa bulugamu ananunkhiza, anagogoda, kenaka anapukuta manja pa thalauza. “Madala, ndi breather iyi. Injini yabanika.”

Kwa inu amene simunadziwe, injini nayo imapuma. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, utsi wina umazembera m'mbali mwa maring'i n'kutsikira kumene kumakhala oyilo, ndipo umafuna potulukira. Potulukirapo ndi breather: kachitini kokhala ndi timawaya tolukana ngati totsukira mapoto tija, ndi kapayipi ka mphira. Timawayato timakola oyilo, mpweya n'kudutsa. Tikamatirira phala la oyilo wakale ndi fumbi la m'misewu yathuyi, mpweya umasowa kolowera, ndiye umakankha oyilo pa gasiketi ndi paliponse pamene pali pofooka. N'chimodzimodzi chimfine cha mu June kuno ku Dedza: mphuno zikatseka, munthu amapumira kukamwa.

Funso linali limodzi: titsuke kakaleka kapena tigule kena? Makaniko asanayankhe, khamu linali litagawikana kale pawiri.

Mbali ya ogula ankaitsogolera aphunzitsi opuma pantchito, amene sanayendetsepo ngakhale ngolo. “Achimwene, munthu wa ulemu wanu sangayende ndi chinthu chotsukatsuka. Gulani cha orijino.” Mnyamata wina amene wangobwera kumene ku Joni, atavala jekete lachikopa dzuwa lili pamutu, anavomereza kuti ku Johannesburg zoterezi amangotaya. Atamufunsa kuti kumeneko ankagwira m'galaja iti, anati nkhani isapite kutali. Tonse tikudziwa kuti ankathirira maluwa.

Mbali ya otsuka inali ndi wokonza njinga, amene amakhulupirira kuti padziko pano palibe chimene malegeni sangamange, kuphatikizapo banja. “Zakale n'zolimba, bambo. Za masiku anozi n'za pepala, mukaika lero mawa zalira.” Mkulu wa mpingo anati asanatenge mbali ayambe wamva kuti masana kudyedwa chiyani. Agogo ena anangopukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti galimoto yayenda zaka zonsezi, ibanike lero, chaka chimene amalume akolola soya wambiri? Anthu anayang'anana. Mayina sanatchulidwe, koma aneba awiri anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya mbuzi padzuwa.

Amalume anakhala pampando wa ndalema ngati mfumu pabwalo, n'kuitanitsa tchipisi ndi Fanta za alangizi. Munthu wopereka nzeru sabwezedwa ndi njala, ngakhale nzeruyo simunaipemphe.

Akazi awo anangotuluka kamodzi. “Bambo a kuno, ndalama mukudyetsa anthuyi si ya feteleza ija?” Amalume anayankha kuti izi n'za injini, amayi sangazimve. Mayiwo anati injini sakuidziwadi, koma thumba la feteleza akulidziwa mtengo wake, n'kubwerera kukhitchini.

Aphunzitsi anapambana chifukwa anayankhula Chingerezi. Wotumidwa ndinali ine, mphwawo, poti mwana wa mlongo sakana. M'mawa mwake ndinakwera kabaza mpaka pa M1, kenaka minibasi ya ku Lilongwe, m'thumba muli chithunzi cha kachitini kaja pafoni. Kachitini kenikeniko amalume anakaniza, ati mumzinda angandisinthire.

Ku Biwi sufuna sipeya, sipeya ndiye amakufuna. Ndisanatsike bwino anyamata anayi anali atandizinga. “Ilipo bigi, dikirani pompo!” Woyamba anabwera ndi ya Toyota. Wachiwiri anabwera ndi yomweyo ya Toyota, ataipukuta. Wachitatu anandifunsa ngati Peugeot ndi thirakitala. Dzuwa litapendeka ndinagula kena konyezimira, wogulitsa atalumbira pali mayi ake kuti n'kofanana, “mukangopala pang'ono pokha.”

Nditafika kumudzi, galimoto ndinaipeza ikulira.

Kamnyamata kopatsira masipanala, kamene tsiku lonse lija palibe anakafunsa kanthu, kanali katachotsa kachitini kaja, kuviika m'palafini wa m'kabotolo, kutsukuluza mpaka timawaya tinaoneka, n'kuyanika padenga la khola. Kapayipi kong'ambika kanadula kunsonga n'kumanga ndi malegeni. Ntchito yonse sinafike ola. Wokonza njinga anayenda msika wonse akulengeza kuti ananena iye. Aphunzitsi anati injini yachita manyazi itamva kuti chatsopano chili m'njira. Kamnyamatako anakatuma kukagula ndudu.

Chimene ndinagula ku Biwi sichinalowe. Tinapala, tinapalanso, mpaka makaniko anati tikapitiriza titsala ndi mphete.

Oyilo anasiya kulavula, koma pa kapayipi kaja pankatulukabe utsi, phwii phwii, ngati m'chigafa. Makaniko anandikokera kuseri kwa bulugamu. “Achimwene, breather ikamafuka chonchi ndiye kuti maring'i atha. Imeneyo ndi ya kumasula injini yonse. Koma madalawo musawauze lero, ali ndi BP.” Ndikuganiza kuti theka la khamu lija linkadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Kukangana za kachitini n'kokoma, poti matenda a maring'i akatchulidwa, wina akhoza kukupemphani ngongole.

Chatsopanocho tsopano chili pabalaza, pamwamba pa kabati, pa kansalu koluka, pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Mlendo aliyense amaonetsedwa n'kuuzidwa kuti n'cha ku Lilongwe. Titawerengera tchipisi, Fanta, kabaza ndi minibasi, akazi a amalume anasiya kuyankhula nafe masiku atatu.

Tsono inu amene munabwera kudzathandiza maganizo tsiku lija, amene munanyamula sipanala ya 13 mwangozi, chonde bwezani. Ndi ya eniake, ndipo akulipiritsa ine.