Mlandu wa Mawaya M'nyumba Mwanga

Mwa maudindo onse amene amagwera mwamuna chifukwa chongomera ndevu, palibe wondilemera ine ngati wa kuweruza milandu imene sindidziwa kumene yachokera ngakhale kumene ilinkupita. Ndipo umene mayi a kunyumba atula pamaso panga masiku ano ndi wakuti, kodi n'koyenera kuti mnyamata wathu wa zaka 13 azionera makanema a pa YouTube a anthu olumikiza mawaya, ophwasula mawailesi ndi oyatsa timababu. Woweruza wake ndine, munthu amene babu likapsa ndimayamba ndazimitsa magetsi a nyumba yonse, kuvala nsapato za mphira, kupemphera mwachidule, kenaka n'kuitana mwana wa aneba.

Popeza safunsa anadya phula, ndinagula bandulo, ndi kukhala pansi kuti ndione ndi maso anga aphunzitsi amenewa. Ndinapeza Mjeremani wa GreatScott!, munthu wodekha, wojambula njira za magetsi papepala mwaudongo woti aphunzitsi anga a Sitandade 4 akadamupatsa mphotho. Ndinapezanso Dave Jones wa EEVblog ku Sydney, amene akatsegula chipangizo amalankhula kufikira bandulo itatha. Amenewa sindinawapeze chifukwa. Koma taonani, anatulukira wina dzina lake Mehdi Sadaghdar wa ElectroBOOM, wobadwira ku Iran, wokhala ku Canada, amene ntchito yake ndiyo kugwidwa nyesi pamaso pa dziko lonse: agwira waya, moto uthetheka, iye akuwa nalumpha, ndipo mwana wanga agubuduka pamphasa ndi phwete. Inenso ndinaseka, ngakhale ndinayesa kubisa pokhosomola, monga ayenera kuchitira woweruza.

Apa ndipo pagona nkhani. Munthu ameneyu anaphunzira za magetsi kusukulu yaukachenjede, ndipo zambiri mwa ngozi zakezo amayamba waziyeza, nadziwa malire ake, asanayatse kamera. Koma mwana aona kulumphako, kuyezako sakuona, ndipo akaona kuti mkuluyo wadzuka ali wamoyo sabata ndi sabata, ayesa kuti nyesi ndi mnzake wosewera naye. Batire la mutochi lili ndi mavoliti 1.5, ndipo kabolodi ka Arduino, kamene ana ambiri amaphunzirirapo, kamayenda ndi mavoliti 5. Zimenezi zikalakwika, chimene chimapsa ndi kababu ndi ndalama zanga basi. Koma m'soketi ya pakhoma muli mavoliti 230, ndipo mphamvu yochepa kwambiri ikadzera pachifuwa isokoneza kugunda kwa mtima. Mu wailesi yakanema yakale ndi mu microwave muli capacitor, imene imasunga ukali wake ngakhale pulagi itazulidwa kalekale. Thiransifoma ya mu microwave imatulutsa mavoliti pafupifupi 2,000, ndipo alipo akuluakulu ndithu amene anafa poigwiritsa ntchito kuwotcha zokongoletsa pamatabwa, atatengera zimene anaona pa intaneti. Batire la lithium la mufoni ukaliboola limayaka moto, ndipo chitsulo chowotcherera mawaya chimatentha kupitirira madigiri 300. Zonsezi ndinazimva kwa aphunzitsi omwewo, pakuti ambiri a iwo amachenjeza ndithu. Koma mwana wanga chenjezo amalidumpha ndi chala.

Nditaitana woimbidwa mlandu, anadza ndi mboni imene sindinaiyembekeze. "Ababa," anatero, manja ali kumbuyo, "kodi William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, paja anali ndi zaka 14 pamene anapanga magetsi a mphepo ndi njinga yakutha ya bambo ake?" Ndinayankha kuti n'zoona, ndi kuti iye anaphunzira m'buku la mulaibulale, limene silikuwa kapena kulumpha. Ndinawonjeza, mwaulemu wonse woyenera bwalo, kuti a Kamkwamba anataya njinga napeza kuwala m'nyumba, pamene ife tapereka nsembe wailesi yanga ya mabandi awiri, tochi, ndi chaja cha amake, ndipo chimene talandira ndi kababu kofiira kamene kamaphethira tikakapempha bwino.

Mayi a kunyumba anati tingomuikira malire pafoni, poti YouTube yomweyo salola mwana wosafika zaka 13 kukhala ndi akaunti yakeyake popanda makolo kumuyang'anira, ndipo ilipo YouTube Kids ya ana, imene inayamba mu 2015. Mawu anzeru; koma mnyamatayo amaonera pafoni yanga, m'mene YouTube imamuyesa mkulu wa imvi, ndipo nambala yachinsinsi yotsegulira foniyo anandiikira ndi iye yemwe.

Tsono ndinagamula motere: kuti aonere, pakuti mwana wofunsa chifukwa chake babu liyaka aposa ine amene ndangokhulupirira kwa zaka zonsezi, kuti aonere pabalaza, munthu wamkulu ali pomwepo, kuti akhudze za mabatire wamba zokha, ndipo kuti chilichonse cholowa m'khoma, kapena chimene chinalowapo m'khoma, chikhale kwa iye ngati mtengo uja wa pakati pa munda.

Amake anamvetsera mpaka ndinatha, napukuta manja pachitenje, nati, "Mwagamula bwino, abambo. Nanga akagwira kanthu, inu mudzadziwa bwanji kuti aka n'ka batire, aka n'ka m'khoma?"

Ndinati ndidzamufunsa mnyamatayo.