Kanyuzipepa Kosatuluka Kautsa Mapiri Pachigwa kwa Nthache

Sabata ino anthu kwa Nthache aiwala za mtengo wa feteleza, aiwala za mpira, ngakhale za ukwati uja unathera pa chinkhoswe palibenso akuzikamba. Pakamwa pa aliyense pali anyamata ndi atsikana angapo amene analemba Fomu 4 n'kungokhala pakhomo, omwe akuti akufuna kuyambitsa kanyuzipepa ka dera lino. Tsamba limodzi lokha, kutsogolo ndi kumbuyo, lokatayipitsa ku boma, kuchita fotokope, n'kudzamata pa golosale, pa chigayo, pa sikelo ndi pa khomo la tchalitchi. Kanyuzipepako sikanatuluke, dzina kalibe, koma adani ndi abwenzi kapeza kale.

Woyamba kudandaula ndi wometa wa pamsika. Akuti ntchito imeneyi wakhala akuigwira kwa zaka popanda womuthokoza: munthu amalowa ndi tsitsi, amatuluka ndi mpala pamodzi ndi nkhani za midzi yonse yozungulira. Sakunama, poti mafoni ambiri amatchajidwa pa sola yake, eni ake n'kumadikira pa benchi, ndipo munthu wodikira batire sasunga chinsinsi. "Ndiye anawa adzalemba chiyani chimene ine sindinanene kale?" Mkulu wina pa benchipo anamuyankha kuti, achimwene, pepala lili ndi ubwino umodzi, zimene lanena m'mawa ndi zomwezo madzulo, pamene mbuzi yobedwa ikalowa mu shopu yanuyi imatuluka itasanduka ng'ombe ziwiri ndi ngolo yomwe.

Akabaza nawo sanakondwe. Iwo amanyamula nkhani pamodzi ndi matumba a makala, ndipo palibe wailesi imene ingawapose liwiro. Kungoti anthu sanaiwale za chaka chatha, pamene mmodzi wa iwo anafalitsa maliro a agogo ena a kumtunda. Amayi ananyamuka ndi ufa pamutu, abambo ndi nkhuni, ena anayamba kulira ali kutali monga mwa mwambo, n'kukapeza mwini maliro ali pakhonde akusenda chinangwa. Agogowo anathokoza onse chifukwa cha chikondi chawo, ndipo ufa sanabweze.

Amene ayankhula zanzeru kuposa onse, mwa kuona kwanga, ndi mayi wina wogulitsa manachesi. Iwo alibe nazo ntchito zoti kanyuzipepako kazilemba za ndale kapena za akuba. Akufuna mitengo basi. Nyengo yozizira ikafika, mitengo ya manachesi itawerama ndi zipatso, mavenda amabwera ndi galimoto kuchokera ku Blantyre, nkhope zili zachisoni, n'kumati, "Amayi, ku Limbe manachesi ali mbwee, akungowola, ife tikungokuthandizani." Mayiyo alibe pofunsa. Amagulitsa dengu lonse pa mtengo wa misozi, mawa lake mlamu wawo wa ku Ndirande n'kuwaimbira foni kuti manachesi a ku Mwanza akusowa m'tauni. Ndiye akuti anawo azilemba sabata iliyonse: manachesi ku Limbe ali pa zingati, nandolo pa zingati, metikali ya ku Mozambique ikusinthidwa bwanji ku Zobue, ku Admarc chimanga chilipo kapena kulibe. Anakumbutsanso kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene wailesi zawo zinali ndi mabatire amoyo anadziwa tsiku lomwelo, enafe tinadziwira pa mtengo wa sopo. Akanakhala kuti nyuzipepa zimasankha mkonzi pokweza manja, ine langa ndikanakwezera mayi ameneyu.

Ndiye pali aphunzitsi opuma, amene masiku ano akuyenda ndi pepala lopindapinda m'thumba la jekete. Ndi fotokope ya lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zimene akufuna kudziwa ku maofesi a boma. Aliyense wowapatsa moni amalandira phunziro laulere: lamuloli aphungu analivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika analisainira mu Febuluwale 2017, koma linagona m'kabati mpaka pa 30 Sepitembala 2020 pamene linayamba kugwira ntchito. Apa aphunzitsiwo amatsokomola pang'ono n'kuonjezera kuti mbali ina ya nthawi yodikirayo nduna yofalitsa nkhani inali mwana wa boma lomwe lino, a Nicholas Dausi a ku Mwanza, anthu n'kuseka osanena kanthu. Mfundo yawo njakuti munthu wamba akhoza kupita ku khonsolo kukafunsa kuti buloko ya sukulu ija inadya ndalama zingati, kontilakita wake anali ndani, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa. Thumba la chitukuko la CDF, lomwe linafika pa K100 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022 n'kudzakwera pa K200 miliyoni mu 2024, nalonso akuti lili m'gulu la zofunsidwa.

Anthu amamvetsera mwaulemu, kenako wina amafunsa, "Nanga aphunzitsi, inuyo munapitako?" Yankho limakhala la thiransipoti. Kupita ku boma ndi kubwerera pa njinga yamoto ndi ndalama ya ndiwo za sabata, ndipo ukafika akakuuza kuti abwana ali ku msonkhano ku Liwonde, ubwerenso Lachinayi. Pali china chimene sichitchulidwa mokweza: amene wakafunsa za ndalama za mlatho amadziwika, ndipo mndandanda wa olandira chithandizo chakutichakuti umalembedwa ndi anthu okumbukira nkhope. Apa m'pamene aphunzitsiwo amatembenukira kwa anyamata aja. Akuti funso likachokera kwa munthu mmodzi ndi chipongwe, koma likachokera ku nyuzipepa, ngakhale ya tsamba limodzi, wofunsidwayo amadziwa kuti kukana kwakenso kulembedwa.

Nkhani itafika pamenepa, agogo ena amene anali chete nthawi yonseyi anayamba kuyankhula motsitsa mawu, chizolowezi chimene anthu a msinkhu wawo sanachisiye. Anati ana inu mukuseka, koma boma la Mwanza lino likudziwa kulemera kwa nkhani yosalembedwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa m'galimoto cha ku Thambani. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya pamsewu. Kunoko anthu ankanong'onezana zina, mwamuna ndi mkazi wake usiku chitseko chili chotseka, ndipo ngakhale pamenepo ankayang'ana kaye pazenera. Wailesi inali imodzi, ya MBC, nyuzipepa ya tsiku ndi tsiku inali imodzi, ndipo wofunsa funso ankasowa. Zinatengera kusintha kwa boma mu 1994 kuti Pulezidenti Bakili Muluzi akhazikitse komiti yofufuza motsogozedwa ndi Jaji Mtegha, ndipo lipoti lake la mu Januwale 1995 linanena poyera kuti anthu anayiwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Dr Kamuzu Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu, khoti n'kuwapeza osalakwa mu Disembala 1995. Agogowo anamaliza n'kuti manong'onong'o anali olondola kwa zaka 11 zonsezo, koma sanathandize wamasiye ngakhale mmodzi. Pa benchi panakhala zii kwa kanthawi, mpaka mwana wogulitsa zitumbuwa anadutsa akukuwa.

Ena anakumbuka za mudzi wa Kapise. Kuyambira mu 2015 anthu othawa zipolowe za asilikali a boma la Mozambique ndi a Renamo m'chigawo cha Tete anayamba kuwolokera kwa Nthache konkuno, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2016 anapitirira 10,000. Nthawi imeneyo atolankhani sankasowa. Ankabwera m'magalimoto oyera ndi a UNHCR komanso a Médecins Sans Frontières, makamera pamapewa, dzina la Kapise n'kumamveka mpaka ku Geneva. Mu Epulo 2016 anthuwo anayamba kusamutsidwira ku Luwani, m'boma la Neno, ndipo makamera anatsatira konko. Mayi wina anati chimene chimamuwawa n'chakuti mudzi wolandira alendo nawo unali ndi nkhani yake, ya nkhuni, ya madzi, ya minda, koma nkhani ya otsala ilibe galimoto yoyera.

Mnyamata wina wanthabwala anawerengera pa zala njira zimene dzina la Mwanza limamvekera pa wailesi: thiraki yagwa pa msewu wa ku Zalewa, agwira katundu wozembetsa pa chipata, kapena wina wagwa pa ndege ya ufiti mu Nkhani za m'Maboma. Aphunzitsi anamudzudzula kuti pulogalamu imeneyo asaipeputse. Mzungu wina wofufuza za chikhalidwe, Harri Englund, anailembera buku lathunthu lomwe linatuluka mu 2011, ndipo anaona kuti m'nkhani zija za afiti, abwana ankhanza ndi mafumu adyera ndi mmene osauka amadzudzulira amphamvu. Mnyamatayo anati ngati n'choncho ndiye kuti azakhali ake ndi pulofesa.

Koma zonsezi zimakathera pa funso limodzi, loti alipira ndani. Pamenepo m'pamene pamsika pamakhala phokoso lenileni. Nyuzipepa zaulere anthu amazidziwa: Boma Lathu ya unduna wofalitsa nkhani, ndi Fuko imene a Nation Publications anayambitsa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ikafika m'mudzi imawerengedwa ndi anthu khumi isanakathere kokulungira usipa kapena kopichirira fodya. Ndiye ambiri akuti nkhani n'zaulere ngati mphepo, wolipira pepala ndi wamisala. Winawake anati bwanji osangotsegula wailesi ya m'dera, monga Dzimwe ya ku Monkey Bay imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la UNESCO? Anamukumbutsa kuti wailesi imafuna laisensi ya MACRA, magetsi ndi mlongoti, ndipo mu 2022 bungwelo linalanda malaisensi a nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cha ngongole. Ngati a m'tauni zinawakanika, kuli bwanji ana opanda ngakhale njinga?

Thandizo lafika kale kuchokera kumene aliyense amayembekezera. Mkulu wina amene amayenda pafupi ndi andale wauza anawo kuti mapepala ndi fotokope asadandaule, bola pakona pazikhala kachithunzi ka bwana wake, kakang'ono chabe. Atolankhani enieni amadziwa mapeto ake a zimenezi. Amene walandira chipondamthengo pa msonkhano sabwerako ndi funso lovuta, ndipo sindikuwaweruza kwambiri, poti ambiri olemba nkhani m'maboma amayenda ulendo wautali ndi m'mimba mopanda kanthu. Koma kachithunzi kakang'onoko kamakula. Mwezi woyamba kali pakona, wachitatu kadzaza tsamba, nkhani ya mlatho yasowa malo. Amayi a banki mkhonde ndi amene abwera ndi nzeru ina: gulu lililonse liziponya kangachepe pamwezi, a magolosale azilipira akafuna kulengeza malonda awo, olengeza za chinkhoswe ndi ziliza nawonso aziponyapo. Ndalama ya anthu ambiri ilibe mwini woti angaimbe foni usiku. Ine ndili mbali ya amayiwa, ngakhale ndaona kuti ena amene akuombera m'manja kwambiri ndi omwe aja amabwereka nyuzipepa ya mnzawo iye asanaiwerenge.

Woyang'anira gulu la WhatsApp la dera lino, yemwe amadzitcha mtolankhani wamkulu, wachenjeza anawo kuti asamale. Iye amagona ndi mantha chifukwa cha lamulo la 2016 la za pa intaneti, limene apolisi amangirapo anthu chifukwa cha zolemba pa foni, ndipo gulu lakelo limadzadza ndi ma voice note a anthu osadziwika olosera kutha kwa dziko ndi kukwera kwa shuga. Aphunzitsi anamutonthoza kuti mu Julayi 2025 khoti linagamula kuti kuipitsa mbiri ya munthu usakhalenso mlandu wopita nawo kundende, koma anawonjezera kuti kulipitsidwa chindapusa kukadalipo, choncho wolemba azimva mbali zonse ziwiri. Nduna ya amfumu ena nayo yatumiza mawu kuti pepalalo lizidzera kaye kubwalo lisanamatidwe, "kungoti tione ngati Chichewa chake chili bwino."

Pakadali pano vuto lalikulu la akonziwo ndi lina. Nkhani yawo yoyamba inali ya mjigo umene wakhala wowonongeka kuyambira nthawi ya dzinja, pamene mabanja amasonkha ndalama ya mjigo mwezi ndi mwezi. Mtsikana mmodzi anapita kwa tcheya wa komiti ndi kope ndi bolopeni, anagwada bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Bambo, ndalama zija zafika zingati, ndipo zili ndi ndani?" Tcheya anafunsa kuti zolembazo zikupita kuti. Atamva, anati abwere mawa. Kutacha, mmisiri amene ankasowa miyezi yonseyi anapezeka ali pa mjigo ndi masipanala, ndipo pofika masana madzi anali kutuluka. Tsopano anawo agawanika: ena akuti nkhani yafa, ena akuti funso la ndalama likadalipo poti silinayankhidwe. Tcheya naye watumiza mwana kukawauza kuti ngati alembe, alembe kuti mjigo wakonzedwa ndi iye, ndipo dzina lake alilembe lonse, ndi mfunda womwe.