Ngongole yanga inafika kwa apongozi

Mwezi unatalika, alandilodi akugogoda m'mawa ndi madzulo. Pagulu lathu la WhatsApp wina anaponya link ya app yobwereketsa ndalama: opanda chikole, opanda mboni, ndalama kulowa pafoni tiyi asanazizire. Ine ndinkangofuna K30,000.

App ija inapempha chithunzi cha chiphaso cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinajambula. Inati ndidzijambulenso nditagwira chiphasocho pafupi ndi tsaya, ndipo ndinachita kumwetulira. Kenako inafunsa ngati ingaone manambala a m'foni mwanga, zithunzi ndi mameseji. Chala chinangoti Allow, Allow, Allow. Ine yemweyo amene mu 2018, nthawi yolembetsa ma SIM card, ndinaimitsa mzere wonse pofunsa ejenti kuti chiphaso changa akufuna akachite nacho chiyani!

Tsiku lobweza linadutsa ndili chimanjamanja. Lamlungu m'mawa meseji inapita kwa aliyense amene nambala yake ndinasunga: chithunzi changa chomwetulira chija, pansi pake mawu akuti munthu uyu ndi wothawa ngongole, omudziwa mumuuze. Abusa anailandira akukonzekera ulaliki. Wakabaza amene anandinyamulapo kalekale anailandira. Ngakhale nambala ina imene ndinailemba kuti "Makaniki" inalandira, ndipo mwini wake, yemwe sanagwirepo sipanala, anaimbira mayi a kunyumba kudzapepesa. Imeneyo ndi nkhani ina.

Masana anaimba apongozi.

"Akamwini, mwatuluka bwino pachithunzipa. Koma nanga mavuto osatiuza bwanji?"

Ndinayankha nditagwada, ngakhale kunali pafoni.

Mphwanga wodziwa za makompyuta anandiuza kuti kuyambira mu 2023 Google inaletsa ma app a ngongole a pa Play Store kuona manambala ndi zithunzi za anthu. Yangayo sinachokere kumeneko, n'chifukwa chake inkayenda pa link. Anatinso kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo madandaulo amapita ku MACRA. Chabwino, koma ndikasumire ndani? Kampaniyo ilibe ofesi, ilibe chikwangwani, nambala imasintha pa meseji iliyonse. Zanga zonse ikuzidziwa, ine dzina la mwini wake sindilidziwa.

Ngongoleyo anabweza ndi apongozi, ndi chiwongoladzanja chomwe, kudzera panambala yawo. Tsopano mameseji akupita kwa iwo, kuwatama kuti ndi kasitomala wokhulupirika woyenera K100,000. Dzulo atuma mwana ndi foni yawo kuti ndiwaikire app ija, ati feteleza wakwera.