Ulemu kwa a Suweji

Andale timawaimbira nthungululu, osewera mpira timawapatsa zikho, koma a Suweji palibe anawagulirako ngakhale Fanta. Chonsecho mu Lilongwe monse mulibe wantchito wakhama ngati iwowa. Sapita kutchuthi, sanyanyala ntchito, sapempha alawansi. Usiku ndi usana amangotsetsereka pansi pa nthaka mpaka kumadamu a ku Kauma.

Tsankho alibe. Za bwana wodya soseji ndi za mlonda wake wodya bonya amazinyamula m'paipi imodzi, ndipo pofika ku Kauma simungaloze kuti izi n'za uje. Kumeneko zolemera zimadikha pansi n'kusanduka matope, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zotsalazo, dzuwa ndi ndere n'kumalizitsa ntchito madzi asanabwerere kumtsinje.

Kuleza mtima ndiye musanene. Timawadyetsa matewera, nsanza, majumbo, zitsononkho, mchenga wokwechera mapoto ndi mafuta amene amakaundana m'njira. Mizu ya mitengo imalowerera m'molumikizira mapaipi. Anyamata a zitsulo zakutha amazula chivundikiro n'kukachiika pasikelo, dzenje n'kutsala kukamwa yasa, kumameza zinyalala, madzi a mvula, mwinanso mwendo wa munthu wochokera kumowa. A Suweji ali duu.

Koma tsiku limene alankhule, dera lonse limamva, ndipo limamva ndi mphuno. A ku Area 18 sadzaiwala chaka cha 2017, pamene a Suweji ataphulika analowa m'paipi ya madzi akumwa n'kukacheza m'nyumba za anthu kudzera pampopi. Ndi phungu uti anayenderapo anthu ake mpaka m'kapu? Ndipo kumene ukhondo wanyozedwa kumabwera mlendo wosaseka, kolera, amene mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Ulemu womwewo upite kwa abambo a magambuti amene amawasamalira. Amagwada pakamwa pa dzenje, kulumikiza ndodo zachitsulo imodziimodzi, kukankha ndi kupotokola, thukuta kamukamu, mpaka chotsekacho chigonje, madzi akuda n'kumveka khuthu. Ife odutsa timatseka mphuno n'kuwayang'ana cham'mbali, ngati kuti zimene akuvundulazo anabwera nazo kuchokera kwawo.

Chilema cha a Suweji n'chimodzi: sajambulika. Msewu watsopano umaitana atolankhani ndi magule, koma palibe anadulapo riboni pa paipi yotsukidwa bwino, kapena kuvina chifukwa matope awoledwa m'damu pa nthawi yake. Akamagwira bwino ntchito m'pamene timawaiwala kwambiri.

Choncho inu okonza bajeti, pitirizani kuwaika kumapeto kwenikweni monga mwa masiku onse. Sadzakulemberani kalata yodandaula, sadzachita zionetsero. Kungoti njira ya kunyumba kwanu akuidziwa bwino, paja munawakumbira nokha.