Kakonzedwe ka Mfuti ya Agogo, kwa Amene Maso Awiri Awachulukira

Mfuti ya .303 imene agogo anasiya kuseri kwa kabati ndi Lee-Enfield, mtundu womwe asilikali a KAR ananyamula ku Burma mu 1944. Chinthu chimene chinapirira nkhondo sichifuna kunyengerera. Mukaona kamng'alu pa bawuti, chitsulo chija mumakoka ndi kukankha potsekera chipolopolo, mtima usagunde. Pakanipo girizi wakuda. Mng'alu ukabisika, ndiye kuti wapola.

Ukamaonekerabe, tsikirani kumsika wa Chirimba kwa anyamata owotcherera mageti ndi mawilibala. Bawutiyo ili ndi mano awiri chakumbuyo, ndipo ndiwo amagwira ukali wonse wa wonga kuti usabwerere kumaso kwanu. Ku fakitale anawalimbitsa ndi moto woyeza mosamala, ndipo moto wa owotcherera umafewetsa zonsezo. Choncho muuzeni mnyamatayo asaumire, awotche mokwanira, kenako asalaze ndi galainda mpaka pawale. Akayamba kukanda m'mutu, mulimbitseni mtima: "Achimwene, chitsulo ndi chitsulo basi." Magetsi akathima ntchito ili pakati, kamalizeni nokha ndi tupa pakhonde.

Alipo ena amene amati bawuti yong'aluka njotaya. Musakangane nawo, koma yolowa m'malo ikhale iliyonse imene mwaipeza. Pa chogwirira chake pali nambala yofanana ndi ya pa mfuti, poti bawuti iliyonse anaiyezera mfuti yakeyake. Musavutike kuiwerenga, azungu ankangokonda kulembalemba. Pa mtundu wa No. 4, timitu ta bawuti tili ndi nambala kuyambira 0 mpaka 3, totalika mosiyana pang'ono, kuti mpata wa kumbuyo kwa chipolopolo ukhale woyenera. Amisiri a mfuti amayeza mpatawo ndi tizitsulo tawo toyezera, ndipo amalipiritsa. Inu yezani ndi khutu. Ikalira kuti khwa potseka, yakwana.

Mpatawo ukakula, chigoba chamkuwa cha chipolopolo chimatamuka. Poyamba chimaonetsa kamzere kowala chakutsinde, tsiku lina n'kuduka, mpweya wamoto n'kuthawira kumbuyo. Zigoba za kamzerezo ziponyeni msanga kudzala, zingakusowetseni tulo.

Chiphaso cha kupolisi chimene lamulo limafuna chisakuvuteni. Agogo anali nacho, ndipo dzina la makolo ndi lomwelo.

Tsiku loyesa, pitani m'munsi mwa phiri la Michiru. Tsaya ligunde thabwa, diso lakumanja lilunjike bwinobwino kumbuyo kwa bawuti, kuti muone nokha mmene ntchito yagwirira. Magalasi oteteza maso asiyireni amantha. M'thumba musunge ya minibasi ziwiri: yochoka ku Chirimba kukafika m'tauni, ndi ina yokatsikira pa Ginnery Corner, poti pa Queens pali chipatala cha maso. Mutengenso mwana wodziwa kuwerenga, azikakuuzani zolembedwa pazikwangwani.