Safunsa wa lero ali ndi bandulo

Makolo adati safunsa adadya phula, koma adaiwala kutiuza kuti wofunsidwayo akhale ndani. Ana a lero adapezerapo danga. Iwo amafunsa usana ndi usiku, kungoti amafunsa foni, ndipo phula akulidyabe, lochita kugulira bandulo.

Tiyerekeze mnyamata wongotuluka kumene ku Malawi College of Health Sciences, kaya ku KUHeS, yunivesite ija idabadwa mu 2021 College of Medicine itaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Mabuku ali tho m'mutu, gauni yoyera mbee. Wafika pachipatala kuno ku Bembeke mwezi wa Juni, nkhungu itatseka mpaka munda wa mbatatesi wa kuseri kwa nyumba. Kwabwera mayi ndi mwana wotsegula m'mimba, wofunika diripi msanga. Mnyamata wabaya koyamba, mtsempha zii. Wabayanso, zii. Mwana walira mokuwa, mayi akumuponyera diso lija lofunsa kuti, kodi sukuluyo mudamalizadi? Dzanja la mnyamata lili kale m'thumba, likusaka Google.

Google amuuza mayina a mitsempha yonse m'Chilatini. Zoti kuzizira kumabisa mitsempha amuuzanso mwina, netiweki ikalola, mwana atasasa mawu.

Pakona pali namwino wachikulire, wokulunga thonje ngati sizikumukhudza. Anyamuka mosathamanga, atenga kadzanja ka mwana, akafunditsa chitenje cha amake, n'kukafumbata m'manja mwake mpaka katenthe. Kenako aloza ndi chala: "Adokotala, tayesani apa." Singano yalowa. Tamvani bwino, wati adokotala, pamaso pa mayi uja. Zomudzudzula wasungira nthawi ya tiyi, chitseko chitatsekedwa.

Alangizi otere alipo, koma aliponso a mtundu wina, aja amati wophunzira akafunsa pozungulira odwala, amamukalipira wodi yonse ikumva, mpaka agogo a pabedi la kumapeto kumumvera chisoni. Mwana wa eni akachititsidwa manyazi kawiri, kachitatu amangogwedeza mutu ngati wamva. Ine ndimaganiza kuti tsiku lomwe Safunsa ankatafuna phula, panali mkulu wina chapafupi, chisa cha uchi chili m'manja, akungodikira kuti aseke. Mwambiwu udamusiya dala mkuluyo, poti adaupeka ndi akuluakulu anzake.

Poti mabuku okha sakwanira, dokotala akalandira digiri samusiya yekha nthawi yomweyo. Amayamba wagwira ntchito chaka ndi theka m'chipatala chachikulu, pansi pa diso la omwe adaona zambiri, kuti zimene zili m'mutu zitsikire ku zala.

Tiyi uja akafika, namwino amanena zake zonse mosapsatira: kubaya mwana kachitatu usanaitane mnzako ndi nkhanza, foni siigwira singano, ndipo manja ozizira uziyamba wawatikita usanagwire mimba ya munthu. Mnyamata amalemba zonse m'kabuku. Pomaliza amafunsa ngati pali chinanso choti adziwe.

"Chilipo, mwanangu. Shuga wa mu ofesi muno timasonkha. Mawa ndi inu."